GR86 yatsopano, 86 yakale kapena Mark X: ndi iti ingagulidwe msanga ku Mzuzu?

Mphwanga adatulukira kwathu ku Katoto Lamulungu lina masana, foni ili m'manja, ndipo adayamba nkhani asanakhale n'komwe pansi. Wakhala ku Johannesburg zaka 6, wasungako kangachepe, tsopano akufuna kulowa geni yoitanitsa magalimoto yomwe ine ndakalambira. Koma za ma Sienta ndi ma Freed safuna kumva.

"Achimwene, amenewo aliyense akugulitsa. Taonani iyi."

Pa foni panali Toyota GR86 yofiira, yazitseko ziwiri, yogwada ngati mphaka wofuna kumbwandira khoswe.

"Ku UK inatha m'mphindi 90 zokha. Ikangofika kuno siigona pa yadi."

Za mphindi 90 sadaname. Mu 2022 Toyota itatsegula maoda a galimotoyi ku UK, onse amene adagawira dzikolo adatha m'nthawi imeneyo. Chomwe mphwanga sadanene n'chakuti magalimotowo adali owerengeka, ndipo ogula ankadziwa kuti ku Ulaya igulitsidwa zaka ziwiri zokha chifukwa cha malamulo atsopano achitetezo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2024. Anthu ankalimbirana chinthu chomwe akudziwa kuti chikutha. Ku Mzuzu palibe amene akuopa kuti GR86 imuthera. Tidakhala pakhonde mpaka mdima tikuyerekeza njira zomwe angatsate, ndipo zomwe tidakambirana ndi izi.

Chomwe adasintha pa galimotoyi

Toyota 86 yoyamba idatuluka mu 2012, ndipo ili ndi mnzake wamapasa, Subaru BRZ. Onse awiri amapangidwa ndi Subaru ku Gunma m'dziko la Japan. Injini ili kutsogolo, matayala okoka ndi akumbuyo, thupi n'lopepuka. Anthu adaikonda chifukwa chomvera chiwongolero pokhota, koma dandaulo lidali limodzi paliponse: injini yake ya 2000cc inkafooka pakatikati. Mphamvu yake yonse yokoka, 205 Nm, inkabwera marevu atapitirira 6,000, kutanthauza kuti pofuna kupitirira lole pachitunda umayenera kutsitsa giya n'kuilizitsa ngati ikufa.

Yatsopanoyi, yomwe idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2021, adaiikira injini ya 2400cc. Mphamvu yokoka idafika 250 Nm, ndipo imabwera msanga, marevu ali pa 3,700. Apa ndiye pagona kusintha kwenikweni. Nyali zatsopano, bampa watsopano ndi sikirini ya m'kati ndi zokopa maso chabe. Pa chitunda cha Chiweta, pomwe umakhota uku ukukwera, woyendetsa akhoza kumva yekha kusiyana kwa injini ziwirizi popanda womuuza.

Ndiye ngati funso lili lakuti adaikonza bwino kapena ayi, yankho n'lakuti adaikonzadi, ndipo adakonza pomwe panali vuto. Si magalimoto onse osinthidwa amene amatero. Chevrolet Camaro adaisintha mu 2016, akatswiri n'kuiyamikira, koma pofika kumapeto kwa 2023 adasiya kuipanga. Pomwe Corvette, ya kampani yomweyo, mu 2020 adachotsa injini kutsogolo n'kuika kumbuyo kwa dalaivala, anthu n'kuyamba kulembetsa mayina kudikira. Maonekedwe atsopano amakokera anthu kudzaona, koma kuti atulutse ndalama pamafunika china.

Ulendo wake wofika kuno

Musanaganize za wogula, ganizani za msewu. Magalimoto athu ambiri ochokera ku Japan amatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita oposa 900 kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe, kenako ena oposa 250 kudutsa Karonga ndi Chiweta kuti afike mu Mzuzu. Sienta mumangompatsa dalaivala wodalirika, imabwera yokha ndi nambala yake ya IT, ija yongodutsira nayo m'dziko la Tanzania. GR86 kuchoka pansi kufika kumimba kwake ndi masentimita 13 okha. Ikani foni yanu choimirira pansi, mwina n'kuposa pamenepo. Mahampu a m'matauni a ku Tanzania, omwe malole adawakumba mizere mbali zonse n'kusiya msana pakati, galimoto yotere siwadutsa osakhula. Ndiye kuti muyenera kulipira lole yonyamula magalimoto, ndipo mtengo wakwera kale galimoto isanaone Malawi.

Pa Songwe pakudikira MRA. Msonkho wa galimoto umatengera mtengo wake, kukula kwa injini ndi zaka zake. Apa pali msampha wa mbali ziwiri. Yatsopano zaka n'zochepa, koma mtengo wowerengerapo msonkho ndi waukulu, ndipo injini yakula kuchoka pa 2000cc kufika 2400cc. Yakale mtengo ndi wotsikirapo, koma ma 86 oyambirira a 2012 ndi 2013 adutsa kale zaka 10, ndipo ukalamba nawo uli ndi chilango chake pa msonkho. Musanatumize dola ngakhale imodzi, pitani kwa ejenti wokiliya akuwerengereni zonse ziwiri papepala. Safunsa adadya phula.

Njira yoyamba: GR86 kapena BRZ yatsopano

Ubwino wake ndanena. Onjezanipo dzina la Toyota, lomwe kwa Mmalawi ndi theka la malonda. Mipando yakumbuyo ilipo, ngakhale ndi yoti mukhale ana kapena zikwama, ndipo mukaipinda mumalowa katundu wooneka. Opanga adaiyeza kuti muzikwana matayala anayi opita nawo kumpikisano.

Koma dzina la Toyota lili pa bonati pokha. Mukatsegula mupeza injini ya Subaru, ija yogona chammbali, masilinda awiri uku awiri uko. Mapulagi ake ali m'mbali, mopanikizana ndi thupi la galimoto, moti ntchito yomwe pa Vitz imatha mphindi 20 apa imadya theka la tsiku. Makaniko wanga wa ku Luwinga, bambo woti akangomva kulira kwa injini amadziwa chavuta, nditamuonetsa chithunzi adangoti, "Abwana, ikabwera tiziphunzirira pomwepo." Adanena moona mtima, koma wogula safuna kumva kuti galimoto yake ndi sukulu.

Palinso za mafuta. Injiniyi adaipangira petulo wa okiteni yokwera, amene ku Japan ali ndi pampu yakeyake. Kuno petulo ndi mmodzi, wosakaniza ndi ethanol, ndipo nthawi ya mizere ija umathira amene wapezeka, pena wa m'zigubu. Oyilo wake ndi wopyapyala wa 0W-20, osati aliyense wa pashelefu. Matayala a mtundu wapamwamba ndi 215/40 R18, mphira wake wochepa ngati lamba. Dzenje limodzi la pa M1 cha ku Chikangawa, m'chifunga chija chomwe umaona mamita ochepa kutsogolo, likhoza kung'amba tayala n'kupinda limu nthawi imodzi. Saizi imeneyo simungoipeza mutalowa m'tauni; muimbira foni ku Lilongwe kapena ku Johannesburg n'kudikira basi.

Kugulidwa ingagulidwe. Koma wogula wake ndi mmodzi pa anthu ochuluka zedi, ndipo za iyeyo ndinena kutsogoloku.

Njira yachiwiri: 86 yakale

Iyi ndiye ndingaiganizire ndikadakhala wokakamira za zitseko ziwiri. Yakhala pamsika kuyambira 2012, idagulitsidwanso ku South Africa, choncho masipeya ake akale ndi atsopano amapezeka kufupi. Bampa, nyali, galasi, zonse mukhoza kuitanitsa pa basi ya ku Joni. Ndalama zomwe mwamangirira ndi zochepa poyerekeza ndi yatsopano, ndiye ngakhale itagona pa yadi simukulira kwambiri. Kwa munthu wongoiona ikudutsa pa Orton Chirwa Avenue, kusiyana kwa yakale ndi yatsopano sakudziwa. Akuona galimoto yofiira yogwada basi.

Chenjezo lake ndi la eni ake oyamba. Galimoto yotere ku Japan sagula agogo opita nayo kumsika. Ambiri adagula anyamata, n'kuitsitsa kupitirira pomwe idali, kusintha ekizozi, kuithamangitsa m'mabwalo a mpikisano Loweruka lililonse. Pa pepala la okushoni yang'anani giredi. Mukaona R, dziwani kuti idakonzedwapo pambuyo pa ngozi kapena idasinthidwa kwambiri. Yang'ananinso zithunzi za pansi. Ngati masipuling'i ndi amitundu yowala, ofiira kapena achikasu, ndiye kuti masentimita 13 aja atsikanso, ndipo muyamba ndi kugula oyambirira kuti muibwezere m'malo.

Ena amati vuto la kugwada n'losavuta, tingoikweza ndi masipesa monga timachitira ma Axio. Zimatheka. Koma chomwe munthu amalipirira pa galimotoyi ndi kukhazikika kwake pokhota, komwe kumachokera pa kugwada komweko. Mukaikweza mwatsala ndi galimoto yopanikiza, yamipando iwiri yeniyeni, yosanyamula thumba la chimanga, yomwenso siikhota monga kale.

Supra, Z ndi Mustang

Awa sindichedwapo. Supra yatsopano idabwera mu 2019 patapita zaka zambiri dzinali litagona. Adaipangira ku Graz m'dziko la Austria pamodzi ndi BMW Z4, ndipo injini, giyabokosi ndi zamagetsi ndi za BMW. Amene akuganiza kuti akugula kulimba kwa Hilux adzadabwa tsiku loyamba nyali ya injini ikadzayaka. Mipando ndi iwiri, basi. Nissan Z ya 2022 idalowa m'malo mwa 370Z, ili ndi V6 ya 3000cc ya matebo awiri, nayonso mipando iwiri. Ku Japan komweko anthu adadikira nthawi yaitali mpaka kampani idayamba yaimitsa kulandira maoda. Ford Mustang idayamba kupangidwa ndi chiwongolero cha kumanja mu 2015 ndipo imagulitsidwa ku South Africa, koma ija aliyense amaifuna ndi ya V8 ya 5000cc. Werengerani msonkho wa injini imeneyo, kenako muiganize ili pamzere wa mafuta.

Onsewa ndi magalimoto abwino kwa munthu amene waitanitsa yekha ndi ndalama zake. Kuwaika pa yadi kudikira wodutsa ndi kutchera msampha wa njovu kuseri kwa khitchini.

Mazda MX-5

Kagalimoto aka kali ndi mbiri yomwe enawa alibe. Kadayamba mu 1989, kadapitirira miliyoni imodzi mu 2016, ndipo pa magalimoto aliwiro a mipando iwiri palibe kena komwe kadagulidwa chotere. Adakasintha katatu osataya chomwe anthu adakakondera: kupepuka. Ka ku Japan, komwe amakatcha Roadster, ka denga lansalu kali ndi injini ya 1500cc, yofanana kukula ndi ya Sienta. Msonkho ndi mafuta ndiye n'zopirika.

Tsoka lake ndi Mzuzu weniweniyo. Kuno mvula imagwa mpaka April ndi May anzathu akumwera atayamba kale kukolola, ndipo June ndi July ndi mawawa ndi chisanu. Denga lotsegula mulitsegula masiku angati? Nsaluyo ikayamba kudontha kapena wina akaicheka ndi lezala pofuna chikwama, telala wa pa Taifa sangaisoke kuti ibwerere mwakale. Kunyanja, ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche, kwa mwini loji wofuna kusangalatsa alendo, mwina. Msewu wa ku Nkhata Bay uja adaukonzanso, makhotakhota ake otsetsereka kudutsa m'mapiri, ndi umodzi mwa misewu yochepa m'dziko muno yomwe kagalimotoka kangasangalalepo. Koma ndi makilomita osakwana 50, ndipo mumagawana ndi njinga, mbuzi ndi ana asukulu.

Zomwe zidandichitikira ine

Ndisamangonena za ena. Zaka zapitazo ndidaitanitsa kagalimoto ka zitseko ziwiri, kakuda, dzina ndisatchule poti cholakwa chidali changa. Tsiku lomwe kadafika, anyamata a Sacramento adaimika njinga zawo kudzakaona. Aliyense wodutsa ankajambulitsa atatsamira bonati. Ndidati apa ndaphula.

Wofuna kugula woyamba adali bambo wina wabizinesi. Adalowa movutikira, bondo likugunda chiwongolero, ndipo tidanyamuka kukayesa. Adakakonda. Adati tipite kunyumba kwake ku Chibavi akaonetse mayi. Titasiya phula, mvula itagwa dzulo lake, tidafika pa kangalande kodutsa msewu komwe Probox imangodumpha osaganiza. Ndidatsika kukamuongolera, iye akulowa chopingasa, tayala limodzi limodzi. Tidamva khwee! pansi, kenako pulasitiki wa bampa adatsala m'matope. Mayi adatuluka, adayang'ana kumbuyo kwa mipando, n'kufunsa funso limodzi: "Nanga kumaliro kwathu ku Mzimba tizipita bwanji?" Malonda adathera pomwepo.

Kadakhala pa yadi miyezi 7. Batire idafa kawiri. Ndidayesa kukabwereketsa pa maukwati, koma mkwatibwi ndi diresi lake sakadakwanamo, ndipo akuchikazi adati galimoto yopanda malo a wogwirizira si ya ukwati. Pomaliza adakagula mnyamata wa ku Lilongwe pa mtengo wongobweza zomwe ndidalowetsa. Pa miyezi imeneyo ndalama yomweyo ikadazungulira katatu pa magalimoto wamba. Ndipo masiku ano kugona kwa ndalama kukuwawa koposa. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ukagulitsa mochedwa pa mtengo womwe udawerengera kale, makwacha omwe walandira sakugulanso madola oitanitsira galimoto ina yofanana nayo.

Njira yomwe mphwanga sankaifuna: yaliwiro koma ya zitseko zinayi

Wogula galimoto ku Mzuzu ndi ndani? Ndi mphunzitsi wa ku Mzuni, namwino kapena dokotala, wogwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe, wamalonda wopita ku Kyela ndi ku Dar. Pafupifupi onse ali ndi kumudzi, ku Rumphi, ku Chitipa, ku Euthini, ndipo galimoto ndi ya banja lonse: idzanyamula odwala, idzapita ku chinkhoswe, idzabwera ndi matumba a chimanga ndi nkhuku m'buti. Ambiri mwa iwo, makamaka achinyamata, amalakalaka galimoto yomveka ikaponda. Koma ayenera kukaiteteza pamaso pa akazi awo ndi apongozi.

Apa ndi pomwe Toyota Mark X imapambanira. Idapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019. Injini yake yotchuka ndi V6 ya 2500cc, yomwe ilinso mu Crown ndi Lexus IS 250, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo ngati GR86 yomweyo. Ili ndi zitseko zinayi, buti lalikulu, ndipo amakaniko athu aitsegula kambirimbiri. Masipeya ake akale ali m'mashopu. Nayo ndi yotsika, pa hampu yaitali imafuna ulemu, ndipo mafuta imamwa ndithu. Pokhota siingafanane ndi 86, chifukwa ndi yolemera. Koma mwini wake akhoza kuponda pa Chikangawa Loweruka, Lamulungu n'kutengeramo banja kutchalitchi, ndipo akadzatopa nayo wogula amapezeka sabata yomweyo. Popeza adasiya kuipanga, zabwino zikunka zichepa ku okushoni, ndiye amene wapeza yoyenda pang'ono asazengereze.

Subaru WRX ndi ina. Imakoka ndi matayala onse anayi, chinthu chomwe m'matope a Mchengautuwa ndi Masasa chili ndi phindu lenileni. Injini ndi yogona chammbali ija, yokhala ndi tebo, yosakhululuka mukaichedwetsera oyilo. Ili ndi anthu ake oikonda, ndipo amadziwana. Golf GTI ndi Polo GTI nazo zili ndi msika, makamaka kwa anyamata obwera ku Joni ngati mphwangayu, amene adazizolowera kumeneko. Polo GTI imapangidwa ku Kariega ku South Africa komweko, choncho masipeya sachokera kutali. Pogula yakale, giyabokosi yake ya DSG muiyese ili yozizira komanso itatentha, chifukwa kukonza kwake si kwa pansi pa mtengo.

Wogula GR86 ali kuti?

Alipo. Ndi munthu amene ali kale ndi Hilux kapena Prado ya kumudzi, ndi ina ya mayi yopitira kuntchito, ndipo akufuna yachitatu yongosangalala nayo. Anthu otere ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli phula lokwanira kuzungulirapo madzulo. Ndipo munthu wotereyu sagula chomwe wachipeza pa yadi. Amadziwa mtundu womwe akufuna, amadziwa ngati akufuna ya giya yamanja kapena ya otomatiki, ndipo BE FORWARD ndi SBT, makampani ogulitsa magalimoto a ku Japan pa intaneti, ali nazo pa foni yake ngati inu nomwe. Mukabweretsa yofiira ya otomatiki, iye amafuna yoyera ya giya yamanja. Mukabweretsa ya giya yamanja, mwataya theka la otsalawo, poti achinyamata ambiri tsopano adaphunzirira pa otomatiki.

Chomwe angakulipireni munthu ameneyu ndi kumuchotsera mutu wopweteka: kusankha yabwino ku okushoni, kupeza madola, kuikweza pa lole, kukiliya pa Songwe, kumufikitsira pakhomo ilibe chokanda. Imeneyo ndi geni yeniyeni, ndipo ife a ku Mzuzu tili pabwino poti chipata chili kufupi ndi ife. Koma imayamba ndi dipoziti yake, osati ndalama zanu. Ine lamulo langa kuchokera pa kagalimoto kakuda kaja n'lakuti ya zitseko ziwiri sindiitanitsa wogula asanalipire gawo lalikulu.

Mphwanga adamvetsera zonsezi akupukusa mutu. Potuluka ndidatenga tepi yoyezera m'galimoto mwanga n'kumupatsa kuti ayeze kamtunda ka simenti ka pageti panga, kaja kotchinga madzi a mvula. Adagwada, adayeza, adapeza masentimita 15.

"Ndiye kuti ngakhale kwanu kuno siingalowe?"

Ndidati ikhoza kulowa chopingasa, wina atatsika.

Mwezi wathawu adaitanitsa Sienta imodzi ndi Mark X yoyera ya 2013. Sienta idapita isanachotsedwe n'komwe nambala ya IT. Mark X akuyendera yekha podikira wogula, ndipo ndikuona ngati sakufulumira kuigulitsa. GR86 yofiira ija ikadali pa sikirini ya foni yake. Akuti pali mkulu wina wa ku Area 47 ku Lilongwe amene wafunsa kawiri za mtengo wake, koma dipoziti sanatumize.